Matope a M'chitolokosi

Chinthu choyamba chimene Konstabulo Evelyn Kachingwe anaona ndi matope. Munali mu Okutobala, mwezi woti fumbi limalowa ndi m'mano momwe, ndipo mvula inali isanagwe ngakhale dontho limodzi. Koma m'mawa wa Lachiwiri, chitolokosi chitatsekulidwa kuti amuna anayi amene anali m'menemo akataye ndowa, iye anaona kuti mapazi a onse anayiwo anali ndi matope akuda, aawisi, ofika m'akakolo.

Polisiyo inali kanyumba ka zipinda zitatu pamsika wina wa kuseri kwa Nsaru. Apolisi analipo atatu okha: Sajeni Kamphinda, amene anali mkulu wa pamalopo, Owen woyendetsa galimoto, ndi Evelyn, mwana wa mphunzitsi wa ku Nambuma, amene anali atangotha miyezi iwiri pa ntchito. Zinali zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene pa wailesi ankanena tsiku ndi tsiku kuti polisi yasintha, tsopano ndi ya anthu. Evelyn analowa ntchito atakhulupirira mawu amenewo.

Pansi pa chitolokosi panali pa simenti. Zenera lake linali laling'ono, loti ngakhale mphaka akhoza kuvutika kudutsapo, ndipo kiyi anali mmodzi yekha, ankakhala pa lamba wa Sajeni. Amuna anayiwo anamangidwa Lamlungu madzulo pa mlandu wolima m'malo a esiteti ya a Gwaza, mwini minda ya fodya yaikulu m'deralo. Wamkulu mwa iwo anali a Davide Chilombo, mkulu wa mpingo, bambo wa imvi amene ankalankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga lemba.

"Abambo, matopewa mwawatenga kuti?" anafunsa Evelyn.

A Davide anayang'ana mapazi awo ngati ndi a munthu wina. Kenako anayang'ana kukhomo la ofesi ya Sajeni.

"Sindikudziwa, mayi," anayankha, n'kunyamula ndowa. Evelyn anaona kuti m'manja mwawo munali timabala tatsopano, ngati munthu walimbana ndi minga.

Atanena kwa Sajeni, iwo sanadzutse n'komwe mutu pa nyuzipepala.

"Anthu akumudzi sasamba, Kachingwe. Anabwera nawo Lamlungu."

"Koma ndi aawisi, bwana."

"Ndiye uwapatse madzi asambe."

Masana kunabwera mayi Nelia, akazi a a Davide, atanyamula mbatata yophika ndi botolo la tiyi. Atawaona amuna awo pa kazenera ka chitseko, anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, chitenje chili pakamwa. Evelyn anawatsatira.

"Mwananga, zayamba," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ndi mmene anayambira Wisdom."

Anafotokoza kuti Wisdom, mphwawo wa a Davide, anagona m'chitolokosi chomwecho masiku asanu mwezi wathawo. Atatuluka anali munthu wina. Ankagona masana onse, usiku n'kumadzidzimuka, manja ali mabala okhaokha, ndipo akamufunsa ankangoti palibe. Anapita naye kuchipatala ku Namitete, adokotala anamupima n'kunena kuti alibe matenda, ndi kutopa chabe. Nanga munthu angatope ndi chiyani atangokhala m'chitolokosi? Kumudzi anthu anali atapeza kale yankho. Ankati a Gwaza ali ndi mankhwala osandutsa anthu ndondocha, anthu ogwira ntchito usiku kwa munthu wachuma iwo eni osadziwa. Ankati thupi limatsala m'chitolokosi, koma munthuyo amakhala ali kudambo.

"Ndipo khonje akuyenda," anawonjezera mayi Nelia.

"Khonje?"

"Mzere wa khonje umene uli malire a esiteti ndi madimba athu. Unabzalidwa ine ndili mtsikana. Chaka chatha unali kutsidya kwa kamtsinje. Lero uli tsidya lino, ndi miyala ya simenti ya malire yomwe. Tikadzuka timapeza wasuntha, khonje wamkulu ngati wamera pomwepo zaka makumi awiri. Madimba asanu alowa kale. Abambo anuwa anawamanga akuthirira kabichi wawo, m'dimba limene anawasiyira amayi awo."

"Bwanji osakadikirira usiku kuti muone?"

"A Sajeni anabwera kutchalitchi kudzalengeza kuti kwaopsa, aliyense wopezeka panja ikakwana eyiti koloko adzamangidwa. Tinawapempha kuti azidzayendera kudamboko, anati galimoto ilibe mafuta. Komanso ndani angapite? Amene amakhala pafupi ndi dambo amamva kulira kwa chinthu ngati injini, koma kuwala osaoneka."

Evelyn sankagwira ntchito usiku. Sajeni anamuuza tsiku loyamba lomwe kuti ntchito ya usiku si ya akazi, ndipo iye anaona ngati ndi chifundo. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo, kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi polisi. Usiku wa Lachiwiri umenewo tulo sitinabwere. Malata ankachita phokoso lawo lozizira pambuyo pa dzuwa la tsiku lonse, agalu a pamsika anauwa mpaka kutopa, kenako kunangoti zii. Patapita nthawi yaitali anamva chinthu china chimene sanathe kuchizindikira msanga: timiyala ta mumsewu tikuphwanyika pang'onopang'ono, ngati chinthu cholemera chikukwawa, ndipo pansi pa phokosolo panali kupuma kwa anthu angapo, kupuma kolemera, kopanda mawu. Chinadutsa pafupi ndi khoma lake n'kulowera kumadzulo. Evelyn anagona chagada, maso ali kudenga, mpaka atambala analira. Sanayerekeze kusuzumira.

M'mawa wa Lachitatu matope analiponso. Mmodzi wa amunawo, Anesi, anali kunjenjemera ndi malungo, ndipo a Davide anali atayamba kutsokomola. Galimoto ya polisi inali pamalo pake pa nthawi zonse, pansi pa shedi, pomwe inakhala miyezi yonse iwiri chifikire Evelyn. Iye anapita kwa Owen, amene ankapukuta nsapato zake pakhonde.

"A Owen, usiku munali pano. Simunamve kanthu?"

"Ndinagona tulo tofa nato."

"Anthuwa akudwala. Lero ndi tsiku lachitatu, lamulo likuti akanayenera kukhala atapita kukhoti."

Owen anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Asisi, lamulo lili m'buku. Galimotoyi matayala ake anagula ndani, mukudziwa? Malata a nyumba ya bwana, nanga? Boma latiiwala kuno. Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Inu gwirani ntchito yanu ya masana, muzikagona bwino."

Usiku wa Lachitatu Evelyn anazimitsa nyali msanga, n'kukhala pa mpando pafupi ndi zenera, nsalu atatsekula pang'ono polowa diso limodzi. Mwezi kunalibe. Mdima unali wothithikana moti mtengo wa mango wa papolisi sunkaoneka, koma iye anadikira mpaka maso anazolowera. Phokoso la timiyala litayamba, anaona chinthu chachikulu chakuda chikutuluka pa geti ya polisi, chopanda magetsi, chopanda kulira kwa injini. Kumbuyo kwake kunali zithunzithunzi zinayi zowerama, zikukankha, ndipo chachisanu chinkayenda chowongoka pambali. Zinadutsa chigayo, zinadutsa magolosale otseka, n'kumira mumdima. Patapita mphindi zingapo, kutali kumunsi kwa msika, injini inalira.

Mantha a usiku wathawo anamuchoka, m'malo mwake munalowa china chozizira kwambiri. Anadziwa kuti akalankhula yekha, mawu ake adzakhala a mtsikana wa miyezi iwiri pa ntchito potsutsana ndi a Sajeni wa zaka makumi awiri. Panafunika maso ena.

Lachinayi masana, mayi Nelia atabweretsa chakudya, Evelyn anawaperekeza mpaka pa mjigo.

"Amayi, m'dimba mwanu muli pobisala?"

"Muli nthochi zambiri kumunsi. Bwanji kodi?"

"Ndibwera kwanu dzuwa likamalowa. Tikagona m'nthochimo."

Mayiwo anaima, n'kumuyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. "Iwe ndiwe wapolisi. Ndidziwa bwanji kuti sukufuna kundimangitsa nanenso?"

"Simungadziwe, amayi. Inenso sindikudziwa ngati mawa ndidzakhale ndili pa ntchito."

Evelyn anafika madzulo pa njinga yobwereka, atavala yunifolomu mkati, chitenje ndi juzi pamwamba, tochi ili m'thumba. Kutada analowa m'nthochi muja. Pansi panali ponyowa, ndipo udzudzu unawapeza nthawi yomweyo. Achule ankalira dambo lonse, mbali iyi ikasiya mbali ina n'kuyamba, ndipo masamba ouma a nthochi ankakhulana okha ngakhale kunalibe mphepo. Mzere wa khonje unali mapazi makumi atatu kuchokera pamene anakhala, nsonga zake zikuoneka zakuda kuposa thambo. Mayi Nelia ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

Achule ndi amene anayamba kudziwa. Anangosiya onse kamodzi. Kenako kunamveka injini ikulira motsitsa, ikubwera pang'onopang'ono m'njira ya ngolo ya ku esiteti, n'kuzima. Chitseko chachitsulo chinatsekuka. Kunamveka makasu akugundana, ndi unyolo.

"Yesu wanga," ananong'ona mayi Nelia, atagwira mkono wa Evelyn mpaka zikhadabo kulowa. "Ndi zija."

"Khalani chete, amayi. Onetsetsani."

Zithunzithunzi zinayi zinayamba kukumba m'munsi mwa khonje, mosalankhula, khasu likagwa apa lina n'kugwa apo. Zikazula tsinde limodzi ndi dothi lake, ziwiri zinkalinyamula pa thumba n'kupita nalo kutsogolo, kumene zina ziwiri zinali zitakumba kale dzenje pakati pa mizere ya kabichi. Zinkaponda dothi, n'kuwazapo udzu wouma. Ntchitoyo inkayenda mwa anthu ozolowera. Ndiye chimodzi mwa zithunzizo chinawongoka, n'kugwira pachifuwa, n'kutsokomola katatu.

Mayi Nelia anasiya mkono wa Evelyn. Chifuwa chimenecho anagona nacho nyumba imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu.

"Ndi abambo a Thandiwe," anatero, kutchula amuna awo pa dzina la mwana wawo. "Akukumba m'dimba lawo lomwe. Awasandutsadi."

"Sanawasandutse. Taonani amene waima uyo."

Evelyn anavula chitenje ndi juzi, anatuluka m'nthochi, n'kuyatsa tochi. Kuwala kunagwera pa nkhope ya Sajeni Kamphinda. Anali atavala chijasi chakuda, mfuti ili paphewa. Kumbuyo kwawo kunali kapitawo wa ku esiteti atanyamula chingwe choyezera, ndipo Owen anali atatsamira galimoto. Amuna anayi aja anaima chilili, awiriawiri atamangidwa unyolo m'miyendo.



"Zimitsa tochiyo, Kachingwe," anatero Sajeni, mawu awo ali ofatsa ngati ali mu ofesi.

Evelyn sanazimitse, kuwala kunakhalabe pa chijasi chija.

"Ndakulamula, Konstabulo. Zimitsa, ubwere kuno tikambirane ngati anthu a ntchito imodzi."

Anachotsa mfuti paphewa. Sanailozetse kwa munthu, anangoigwira m'manja. Pamenepo mayi Nelia anakuwa. Unali mkuwo wa maliro, wautali, wochokera pansi pa mimba, ndipo unadutsa dambo lonse mpaka kukagunda nyumba za kumtunda. Anakuwanso, akutchula dzina la amuna awo. Agalu anayankha. Chitseko china chinatsekuka, kenako china, ndipo posakhalitsa wina anayamba kumenya chitsulo cha kutchalitchi. Nyali zinayamba kutsika phiri, poyamba ziwiri, kenako zosawerengeka. Kapitawo anataya chingwe n'kuthawira m'fodya wa nazale. Owen analowa m'galimoto, koma Sajeni anamuuza kuti atuluke.

Anthu atafika anaima patali pang'ono, mipini ndi zikwanje zili m'manja, osamvetsa chimene akuona. Sajeni anabwezera mfuti paphewa n'kukweza dzanja.

"Anthuni, mwachita bwino kubwera. Akaidi awa anathawa m'chitolokosi usiku uno. Tawalondola, ndipo tawapeza akusokoneza malire a esiteti. Mwadzionera nokha amene akhala akusuntha khonje."

Anthu anayang'anana. Makasu analidi m'manja mwa abale awo. Wina kumbuyo anati, "Eti?" A Davide anaweramitsa mutu. Evelyn anaona kuti bodzalo likhoza kuima, chifukwa linkanenedwa ndi munthu wa mizere itatu pamkono, ndipo anthu awa anakula akudziwa kuti wapolisi satsutsidwa.

"Si zoona," anatero Evelyn. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Si zoona. Ine ndine Konstabulo Kachingwe wa papolisi pomwepo. Kiyi wa chitolokosi ndi mmodzi, ali pa lamba wawo apo. Munthu wothawa sadzimanga yekha unyolo. Dzulo usiku ndinawaona anthuwa akukankha galimoto iyi kuchoka papolisi, a Sajeni akuyenda pambali. Ndipo khonjeyu akupita kuti? Ndani angasunthe malire kuti adzilande yekha dimba?"

A Davide anaika khasu pansi. Analankhula mwa chizolowezi chawo, pang'onopang'ono.

"Mwanayu akunena zoona. Anatiuza kuti oyeza malo akubwera kuchokera ku tauni mwezi wamawa, ndipo akufuna adzapeze malire ali kuno. Anati amene atsekule pakamwa apita kundende yaikulu pa mlandu wakuba ng'ombe, osabwerako. Wisdom anakumba. Ifenso takumba. Ndazula kabichi wanga ndi manja angawa."

Phokoso limene linabuka pamenepo linali loopsa kuposa chilichonse chimene Evelyn anamva masiku atatuwo. Anyamata anayamba kuyandikira galimoto, wina akufuula kuti abweretse mafuta a nyali. Evelyn anapezeka ataima pakati pa khamulo ndi Sajeni, manja atatambasula, akupempha kuti asakhudze munthu. Amene anamuthandiza ndi a Davide, ali chimangidwire, amene anatchula anyamatawo mmodzimmodzi ndi mayina a makolo awo mpaka anabwerera m'mbuyo. Sajeni anamasula unyolo okha, anthu akuyang'ana. Galimoto inachoka itayatsa magetsi.

Zimene zinatsatira sizinali zazikulu monga mmene anthu ankayembekezera. Amuna anayi aja sanabwererenso m'chitolokosi, ndipo mlandu wawo sunamvekenso. Anesi anagona m'chipatala sabata imodzi n'kuchira. Evelyn analemba zonse m'buku la zochitika papolisi, masamba atatu, n'kusayina. Akuluakulu awiri atabwera kuchokera ku tauni kudzafufuza, masamba atatuwo munalibe m'bukumo. Anamufunsa mafunso ambiri, makamaka lakuti ndani anamupatsa chilolezo chogwira ntchito usiku. A Gwaza anati sankadziwa kanthu, ndipo anachotsa ntchito kapitawo. Anthu anabwezera khonje wa usiku umenewo pamalo pake, dimba la a Davide linapulumuka, koma madimba asanu oyamba aja oyeza malo anawapeza ali mkati mwa esiteti, ndipo nkhani yake inapita kukhoti kumene inakakhalitsa. Sajeni Kamphinda anasamutsidwira ku boma lina. Evelyn analandira kalata yomutumiza ku rodibuloko ya kumalire, kutali ndi kwawo.

Tsiku lonyamuka, mayi Nelia anabwera pasiteji ya minibasi atanyamula kathumba ka mtedza. Anakhala pa benchi limodzi, katundu wa Evelyn ali pamapazi.

"Kumudzi ena akunenabe kuti zinali ndondocha," anatero mayiwo. "Akuti mankhwala a a Gwaza ndi amene anagwira ndi a Sajeni omwe."

"Koma anaona ndi maso awo, amayi."

"Anaona. Koma mfiti timaidziwa pothana nayo, mwananga. Timapemphera, timaitana abusa. Nanga izi tikazinene kuti? Wakuba akabwera timathamangira kupolisi. Tsono apa tizithamangira kuti?"

Nthawi yomweyo lole yobiriwira inatulukira pa kona, ikutsitsa liwiro, fumbi likuitsatira. Kumbuyo kunali mabedi, mipando, njinga ndi mbuzi ziwiri zomangirira. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunakhala bambo wonenepa wa yunifolomu yosita bwino, akumwetulira n'kumabayibitsa anthu a pamsika.

"Ameneyo ndiye bwana watsopano, eti?" anafunsa mayi Nelia.

"Ndi iwowo."

Lole inakhota n'kulowa pa geti ya polisi. Pa chitseko chake panali polembedwa ndi penti yoyera: Gwaza Esiteti.

Mayi Nelia anaika kathumba ka mtedza pamiyendo pa Evelyn, anamanga chitenje chawo molimba, n'kuimirira.

"Uyende bwino, mwananga. Ine ndikauze abambo ako kuti usiku uno tiyambe kugona kudimba."